MPHAKA WA PA MUDZI: ZIKHADABO ZACE NDI MALO ACE OGONA

Alimi anzathu, masika akafika kuno kum'mawa, mtima wa munthu ali yense umakhala pa cimanga, nsawa, mpendadzuwa ndi soya zimene wazibvutikira kuyambira mvula yoyamba ya Novembala. Koma kukolola nkwina, kusunga nkwinanso. Kuyambira mwezi wa Meyi, pamene m'minda mwatsala mapesi okha-okha, makoswe ndi mbewa zimalondola cakudya kumudzi. Pa nyengo imeneyo mlimi afunika mlonda wosagona usiku ndi wosapempha malipiro, ndipo mlonda wotere ndiye mphaka, amene ena amamucha cona kapena pusi.

Phunziro la lero liyankha mafunso awiri amene amamveka kawiri-kawiri, m'midzi ya kwa Mpezeni ndi kwa Gawa Undi, ngakhalenso m'makomboni a mu Chipata monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika. Loyamba ndi ili: kodi nkwabwino kucotsa zikhadabo za mphaka kuti aleke kukanda ana, kung'amba mipando ndi kugwira anapiye? Laciwiri: kodi mphaka ayenera kukhala m'nyumba kapena panja? Tisanayankhe, tiyeni tiyambe tamdziwa mdani amene mphakayo timamuwetera.

MDANI WA NKHOKWE

Adani akuru a dzinthu pa mudzi alipo awiri. Woyamba ndi khoswe wa m'nyumba, katswiri wokwera, amene amamanga cisa cace pa tsindwi ndi kutsika usiku. Waciwiri ndi kapuku, mbewa ya m'minda imene imalowanso m'nyumba ndi m'nkhokwe cakudya cikatha kuthengo.

Kuopsa kwa tinyama timeneti kuli pa kuswana kwace. Khoswe wamkazi amakhala ndi bere masabata atatu okha, naswa ana asanu kufikira asanu ndi atatu, ndipo anawo pakutha miyezi itatu ayambanso kuswa ao. Kapuku ndiye wopambana: bere lace limatenga masiku 23, ndipo paulendo umodzi amaswa ana khumi kapena 12, nthawi zina kuposerapo.

Tsono tiyeni tiwerengere pamodzi. Khoswe wamkuru amadya magalamu ngati 15 pa tsiku. Mukakhala ndi makoswe 20 pakhomo, ndiye kuti tsiku liri lonse mutaya magalamu 300. Pa masiku 180, ndiyo miyezi isanu ndi umodzi, mwataya makilogalamu 54, kuposa thumba lathunthu la makilogalamu 50. Pamenepo sitinawerenge cimanga cimene aciipitsa ndi mikodzo ndi zitosi, kapena matumba, mabulangete ndi mabuku a ana a sukulu amene awaboola. Thumba limodzi limenelo ndilo limene banja limalirira mu Febuluwale, nkhokwe itayera ndipo cimanga catsopano cisanace.

Makoswe amabweretsanso matenda. Utitiri wao ndiwo umafalitsa mliri uja a zacipatala amaucha plague, wotupitsa mwanabele m'khwapa, m'khosi ndi m'mphecepece. Mliri umenewu si nkhani ya kutari: unabuka m'boma la Nyimba kuyambira Malichi kufikira Meyi m'caka ca 2015.

MPHAKA NDI MBALE WA BVUMBWE

Ubale wa mphaka ndi mlimi ngwakale-kale. Akatswiri apeza kuti amphaka onse a m'nyumba anacokera kwa bvumbwe, yemwe uja timamdziwa m'thengo mwathu muno, amenenso amapezeka m'maiko a kumpoto kwa Afrika ndi kufupi ndi kumeneko. Anthu atayamba kulima ndi kusunga dzinthu, mbewa zinacuruka m'midzi mwao, ndipo abvumbwe anazilondola nazolowerana ndi anthu. Pa cisumbu ca Cyprus anafukula manda a zaka ngati 9,500 m'mene munthu anaikidwa pamodzi ndi mphaka. Nkhani yace inalengezedwa mu 2004. Ku Egypt wakale mphaka anali wolemekezeka kwambiri kaamba ka nchito yace yolonda tirigu.

Tanena izi pakuti alipo ena pakati pathu amene amaopa mphaka, maka-maka wakuda, namuganizira za ufiti pomuona maso ace alikuwala mu mdima kapena pomumva alikulira ngati khanda pakati pa usiku. Zonsezi ziri ndi cifukwa cace. M'kati mwa diso la mphaka muli kanthu konyezimira kamene kamabweza kuwala, ndiko kamamthandiza kupenya usiku. Maso a galu ndi a ng'ombe amateronso mukawaunika ndi toci. Kulira kuja ndi kuitanizana kwa wamkazi ndi wamphongo pa nyengo yokwerana, kapena ndeu ya amphongo awiri. Mphaka ndi ciweto monga mbuzi ndi nkhuku, ndipo ayenera kusamalidwa comweco.

NCHITO YA ZIKHADABO

Mphaka ali ndi zikhadabo 18: zisanu ku phazi liri lonse la kutsogolo ndi zinai ku phazi liri lonse la kumbuyo. Poyenda amazibisa kuti zisabunthe ndi kuti asamveke mgugu. Akafuna kugwira kanthu ndi pamene amaziturutsa. Nchito yace ndi iyi.

Coyamba, ndizo zida zace zosakira. Mphaka amambwandira mbewa ndi kuikola ndi zikhadabo za kutsogolo, pambuyo pace ndi pamene amailuma pakhosi. Wopanda zikhadabo mbewa imampulumuka, ndipo khoswe wamkuru akhoza kumtembenukira ndi kumluma.

Caciwiri, ndizo cipulumutso cace. Agalu a pa mudzi akampitikitsa, mphaka amakwera mtengo kapena denga. Akapanikizidwa pakona amadzichinjiriza ndi zikhadabo zomwezo.

Cacitatu, kukanda mtengo ndi cibadwa cace, si mwano iai. Cikhadabo ca mphaka cimakula mosanjikizana, ndipo pokanda amafundula khungwa lakale kuti lakuthwa la m'kati lionekere. Pokanda amaongolanso msana ndi mapewa, ndiponso amasiya pfungo locokera m'mapazi mwace lodziwitsa amphaka ena kuti malo ano ali ndi mwini. Mphaka sangaleke kukanda, monga nkhuku siingaleke kupalasa. Cimene mwini angathe ndi kumsankhira pokanda.

KUCOTSA ZIKHADABO NDI KUDULA ZALA

Anthu ambiri amayesa kuti kucotsa zikhadabo za mphaka kuli ngati kuwenga zikhadabo za munthu. Si conco. Cikhadabo ca mphaka cimamera kucokera m'pfupa lotsiriza la cala. Mukacizula cokha cimameranso, kawiri-kawiri copindika ndi colasa mnofu. Cotero kuti cisamerenso, dokotala amadula pfupa lonselo pa mfundo yace, pamodzi ndi mitsempha. Tayang'anani dzanja lanu: kuli ngati kudula cala ciri conse pa mfundo yakufupi ndi cikhadabo. Ku mapazi awiri a kutsogolo ndiye kuti zala khumi zadulidwa tsiku limodzi.

Kumbukiraninso kuti mphaka samaponda ndi cidendene monga ife, amayendera zala. Zikadulidwa, kayendedwe kace kamasintha ndipo thupi limalemera pa malo osayenera. Madokotala a ziweto a ku America anayesa amphaka 274, theka odulidwa zikhadabo ndi theka osadulidwa, nafalitsa zimene anapeza mu 2017. Anaona kuti odulidwa aja ndiwo anali kudwala msana kwambiri, ndiwo anali kuluma anthu kawiri-kawiri, ndiponso ndiwo anali kukodza ndi kucita cimbudzi pa malo osayenera. Pa ambiri a iwo anapezanso tizidutswa ta mafupa titatsalira m'mapazi, ndipo mphaka wotere amayenda ngati munthu amene ali ndi kamwala m'nsapato moyo wace wonse.

Taonani tsono m'mene bvuto limakulira. Munthu amadula zikhadabo kuti mwana wace asakandidwe, koma mphaka wolandidwa zikhadabo amatsala ndi mano okha, ndipo bala la mano a mphaka nloipa kuposa la zikhadabo, pakuti limalowa m'kati ndi kutukusira msanga.

Mwambo umenewu unafala maka-maka ku United States ndi ku Canada, kumene anthu ambiri amasunga amphaka m'nyumba za m'mizinda. Koma maiko ambiri anauletsa. Pangano la maiko a ku Ulaya la 1987 lonena za kasungidwe ka ziweto za m'nyumba limaukana. Ku Britain ngoletsedwa ndi lamulo la 2006. Ku United States komweko, cigawo ca New York cinauletsa mu 2019, ndipo ca Maryland cinatsatira mu 2022. Malamulo amenewa amalola kudula cala pokha-pokha ngati ciri ndi cotupa kapena bala losapola, dokotala ataona kuti palibe njira ina yocizira.

Ngati eni ace a mwambowo alikuusiya, ife tiutolerenji? Ndipo ngati nkoipa pocitidwa ndi dokotala wokhala ndi mankhwala ogonetsa, koposa kotani pocitidwa pakhomo ndi mpeni, lumo, pulayala kapena moto? Kutero ndi nkhanza, ndipo mphaka akhoza kufa ndi kutaya mwazi kapena kuola kwa bala. Akapulumuka, mwatsala ndi ciweto cimene cimadya koma nchito siciitha. Akuru anati walira mvula walira matope: wofuna mlonda wa nkhokwe abvomere ndi zikhadabo zace zomwe.

ZOYENERA KUCITA M'MALO MWACE

Madandaulo a eni amphaka ngoona, ndipo ali yense ali ndi mankhwala ace.

Za mipando ndi mphasa. Mpatseni mphaka pokanda pace-pace. Zikani cipika ca mtengo wa makungwa, cotalika ngati mita imodzi, pafupi ndi pamene amagona, pakuti mphaka amakonda kukanda akangodzuka. Cikhale colimba, cosagwedezeka. M'nyumba ya m'tauni tengani thabwa, mulikulunge ndi cingwe ca khonje kapena saka lakale, ndi kuliimika pafupi ndi mpando umene wauzolowera. Mpandowo muufunde ndi pulasitiki kwa masabata angapo. Mukampeza alikukanda posayenera, ombani m'manja, mumnyamule ndi kumuika pa cipika cija. Musammenye, mphaka womenyedwa saphunzira kanthu koma kuopa mwini wace ndi kuthawa pakhomo.

Za matumba a cimanga. Alimi ambiri masiku ano amasunga cimanga cotokola m'matumba osalowa mpweya, monga aja ochedwa PICS, amene ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Mphamvu ya matumba amenewa iri pa kutsekeka kwace: mpweya ukatha m'katimo anankafumbwe amafa popanda mankhwala. Kabowo kamodzi, kaya ka mano a khoswe kaya ka cikhadabo ca mphaka, kamaononga nchito yonseyo. Cifukwa cace sanjikani matumba pa thandala, motalikirako ndi cipupa, muwafunde ndi mphasa yakale kapena cinsaru cokhuthala, ndipo cipika cokandapo cikhale m'cipinda momwemo.

Za ana. Mphaka sakanda munthu popanda cifukwa. Aphunzitseni ana kuti asamkoke mcira, asamnyamule ndi miyendo, asamsautse pamene alikudya kapena kuyamwitsa. Mphaka akagonetsa makutu ndi kukupiza mcira, ndiye kuti wacenjeza, msiyeni. Kamwana ka mphaka musamakaseweretse ndi zala zanu, koma ndi cingwe kapena citsononkho, kuti kasazolowere kugwira dzanja la munthu. Khanda lisagone pamodzi ndi mphaka.

Za anapiye. Mphaka wokhuta, amene anakulira pakati pa nkhuku kuyambira ali wamng'ono, kawiri-kawiri sasamala anapiye, ndipo thadzi limamphunzitsa ulemu. Komabe anapiye a masabata oyamba asungidwe m'kakhola ka waya kapena ka nsungwi, pakuti adani ao ngambiri: mphamba, khwangwala, njoka, ndi khoswe yemwe. Nthawi zambiri mphaka amanamiziridwa mlandu wa khoswe. Khola la nkhunda likhale pa mitengo yaitali yokutidwa ndi lata losalala.

Za kuwenga. Mphaka wokhala m'nyumba nthawi zonse mukhoza kumuwenga nsonga za zikhadabo ndi kowengera zikhadabo, kamodzi pa masabata awiri kapena atatu. Finyani phazi pang'ono kuti cikhadabo cituruke, ndi kudula kansonga koyera kokha. Pofiirira paja pali mwazi ndi mtsempha, musafikepo. Koma mphaka wa pa mudzi, wosaka ndi wokwera mitengo, musamuwenge konse.

M'NYUMBA KAPENA PANJA?

Funso ili liribe yankho limodzi la anthu onse, pakuti mudzi wa ku Chipangali ndi nyumba ya m'mbali mwa mseu wa Great East mu Chipata nzosiyana. Tiyeni tiyese mbali zonse ziwiri.

Mphaka wa panja amasaka momasuka, thupi lace limalimba, ndipo amalonda nkhokwe, khola ndi dimba lomwe. Koma ngozi zace nzambiri: agalu, magalimoto ndi njinga zamoto, misampha, njoka, fisi, ndiponso moto wa lupsa m'cilimwe pamene anyamata alikusaka mbewa. Amamenyana ndi amphaka anzace natenga zironda ndi matenda. Akhoza kulumidwa ndi galu kapena nkhandwe ya ciwewe. Amaphanso mbalame ndi abuluzi amene amatithandiza kudya tizirombo ta m'munda. Kufupi ndi malo osungirako nyama, monga ku Mambwe ndi ku Mfuwe, amakweranso ndi abvumbwe ndi kusokoneza mtundu wao.

Mphaka wa m'nyumba amapewa zambiri za izi ndipo kawiri-kawiri amakhala zaka zocuruka. Koma zonse ayembekezera kwa mwini wace: cakudya cokwanira, madzi, pokanda, pokwera, ndi pocitira cimbudzi. Wotsekeredwa m'kacipinda kopanda kanthu amanyong'onyeka nayamba kuononga katundu.

Uphungu wathu tsono ndi uwu.

Kwa a m'midzi: mphaka ayende momasuka usana, koma akhale ndi pakhomo pace peni-peni. Mpatseni cakudya madzulo ali onse pa nthawi imodzi-modzi ndi pa malo amodzi-modzi, kuti dzuwa likamalowa azibwera yekha. Usiku agone pamene pali dzinthu. Ngati cimanga canu ciri m'matumba m'nyumba, monga acitira ambiri masiku ano poopa akuba, mphaka agone m'nyumba momwemo, pakuti makoswe ali kumeneko. Ngati ciri m'nkhokwe, mkonzereni pogona pouma m'khichini kapena pakhonde pafupi ndi nkhokweyo, pamwamba posafika agalu. Potero alonda cuma canu, ndipo iye mwini apewa ngozi za usiku.

Kwa a m'tauni: ngati nyumba yanu iri pafupi ndi mseu wa magalimoto ambiri kapena pa msika, mphaka asaturuke usiku, ndipo ngati nkotheka akhale m'kati mwa mpanda nthawi zonse. Muikireni beseni lakale la mcenga pa malo obisika, kutari ndi cakudya, ndipo muzicotsa zoipa tsiku ndi tsiku.

Mphaka watsopano, kaya kumudzi kaya m'tauni, ayambe wakhala m'nyumba masabata awiri kapena atatu asanaturutsidwe, kuti adziwe kuti kwao nkuno. Mukamturutsa tsiku lomwelo adzabwerera kumene anacokera, kapena adzasokera. Kamwana ka mphaka musakacotse kwa mace kasanakwane masabata asanu ndi atatu, pakuti kwa mace ndiko kamaphunzira kusaka ndi kudzisamala.

MPHAKA YEKHA SAKWANIRA

Tisanamizane: mphaka amagwira bwino mbewa ndi tiana ta makoswe, koma makoswe akuru-akuru ambiri amampulumuka. Ku Eswatini, dziko limene kale linali kuchedwa Swaziland, akatswiri anayesa makomo 40 a m'midzi nafalitsa zotsatira zace mu 2017. Anapeza kuti pakhomo pokhala mphaka yekha kapena galu yekha makoswe sanacepe kweni-kweni, koma pokhala mphaka ndi galu pamodzi makoswe anali kuopa kuturuka kukadya. Cotero galu ndi mphaka oleredwa pamodzi kuyambira ali ana ndiwo alonda abwino a pakhomo.

Pamwamba pa izo, mwini agwire mbali yace. Nkhokwe ikwezedwe mita imodzi kucokera pansi, ndipo mwendo uli wonse ubvekedwe lata lopindidwa ngati cipewa coyang'ana pansi, kuti khoswe asadutse. Dulani nthambi zofika pa denga la nkhokwe. Lambulani udzu ndi zinyalala kuzungulira nyumba, tsekani mauna ndi dothi losakaniza ndi miyala, bvundikirani miphika ya ndiwo ndi ufa, ndi kuchera misampha m'mbali mwa zipupa. Kadzidzi musamuphe kapena kumpitikitsa, pakuti banja limodzi la akadzidzi limadya mbewa zingapo usiku uli wonse.

Cenjerani ndi mankhwala a makoswe ogulidwa pa msika. Khoswe wodya mankhwala amafooka, mphaka namgwira mosabvuta, ndipo mankhwalawo akhoza kupha mphaka yemwe. Amaphanso nkhuku, agalu ndi ana. Akuru anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, kutiphunzitsa kuti polimbana ndi mdani tisaswe cuma cathu comwe. Ngati simungacitire mwina, funsani mlangizi wa zaulimi, ikani mankhwala m'cibokosi cokhala ndi kabowo kolowa khoswe yekha, ndipo makoswe akufa muwakwirire mozama m'mawa mwace.

CAKUDYA NDI UMOYO

Pali bodza lofala lakuti mphaka ukamdyetsa aleka kusaka. Kusaka ndi cibadwa cace. Wokhuta amasakabe, ndipo amasaka pafupi ndi nyumba. Wanjala ndiye amaba ndiwo, kugwira anapiye ndi kusamukira kwa anansi. Mphaka ndi nyama yodya nyama, ndipo nsima yokha siimkwanira; akakhala nthawi yaitali wosalawa za nyama, maso ndi mtima wace zimaonongeka. Msakanizireni nsima pang'ono ndi kapenta wobviika kuti mcere ucoke, mitu ya nsomba, matumbo a nkhuku ophika kapena dzira. Musampatse ndiwo za anyezi wambiri, kapena mafupa a nkhuku ophika amene amasweka ndi kulasa pakhosi. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka akuru ambiri. Madzi abwino akhalepo nthawi zonse.

Mankhwala a anthu ndi a ziweto zina musampatse. Mbulu umodzi wa Panado ukhoza kupha mphaka. Dibi wa ng'ombe, ndi mankhwala ena ophera utitiri pa agalu, maka-maka okhala ndi permethrin, ndi ciphe kwa iye. Za utitiri ndi njoka za m'mimba funsani wa ofesi ya zaziweto wa m'dera lanu kuti akupatseni oyenera mphaka. Nkhani ya utitiri musaipeputse, pakuti mphaka wodya makoswe odwala akhoza kutenga mliri uja tauchula ndi kubwera nao m'nyumba. Mukaona makoswe ambiri alikufa okha popanda mankhwala, musawagwire ndi manja, ndipo dziwitsani a zaumoyo msanga.

Ciwewe ndiyo nthenda yoopsa koposa zonse. Anthu ambiri amaitenga kwa agalu, koma mphaka nayenso amadwala ndi kupatsira. Mphaka alandire katemera akakwana miyezi itatu, ndi kubwerezanso monga adzakuuzirani a zaziweto. Pamene alengeza za katemera wa agalu m'dera lanu, monga pa nyengo ya 28 Sepitembala, tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi ciwewe pa dziko lonse, funsani kuti abaye ndi mphaka yemwe. Mnyamuleni m'dengu lotseka kapena m'katoni yoboola, osati m'manja pakati pa agalu.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa mpaka mwazi ndi mphaka wacilendo, wosabaidwa katemera, kapena wosintha makhalidwe mwadzidzidzi, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite ku cipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone ngati adwala, pakuti zizindikiro za ciwewe zikaoneka, munthu sacira.

Amai apakati asagwire cimbudzi ca mphaka, pakuti nthawi zina mumakhala tizirombo tosaoneka ndi maso timene tingabvulaze mwana m'mimba. Nchito yocotsa mcenga igwiridwe ndi wina, ndipo asambe m'manja ndi sopo. Ndiwo za kudimba zitsukidwe bwino.

KUSWANA

Mphaka wamkazi akhoza kutenga bere ali ndi miyezi inai kapena isanu yokha. Bere lace limatenga masabata asanu ndi anai, amaswa ana atatu kufikira asanu, ndipo akhoza kuswa kawiri kapena katatu pa caka. Pakhomo pamodzi amphaka awiri ngokwanira. Ana otsala musawataye kuthengo kapena m'mtsinje. Apatseni anansi amene akusautsidwa ndi makoswe. Dokotala wa ziweto akhoza kufula wamphongo ndi kutseka wamkazi kuti asaswenso. Nchito imeneyi ndiyo yopindulitsa, kusiyana ndi kudula zala: mphaka wofulidwa sayenda-yenda kutari, samenyana kawiri-kawiri, amakhala pakhomo, ndipo kusaka saleka.

KUMBUKIRANI IZI

1. Kucotsa zikhadabo ndi kudula zala. Musacite, ndipo musalole wina kucita.

2. Mpatseni mphaka cipika cokandapo, ndi kufunda matumba a cimanga.

3. Kumudzi ayende usana, usiku agone pamene pali dzinthu. M'tauni asaturuke usiku.

4. Mdyetseni madzulo ali onse, ndipo m'cakudya cace mukhale za nyama kapena nsomba.

5. Katemera wa ciwewe ngwa galu ndi mphaka yemwe.

6. Kwezani nkhokwe, ikani malata, lambulani pakhomo, cherani misampha.

MAFUNSO A M'MAKALABU A ALIMI

Pokumana sabata ino, kambiranani izi. Kodi m'mudzi mwanu ndi makomo angati ali ndi mphaka, ndipo ndi angati amene amphaka ao anabaidwa katemera? Kodi ndi nkhokwe zingati ziri ndi malata ku miyendo? Ngati khomo limodzi lipitikitsa makoswe koma anansi ace sacitapo kanthu, makoswewo adzapita kuti, ndipo adzabwerako liti? Mukagwirizana, sankhani tsiku limodzi lakuti mudzi wonse ulambule ndi kuchera misampha pamodzi cimanga cisanalowe m'nkhokwe, ndipo pemphani anyakwawa ndi mlangizi wanu kuti akhale nanu pa tsikulo.